Mbewu yotchipa inawalitsa alimi a prawn ku Asia

Amene mumapita ku Beira kapena ku Quelimane kukapikula katundu mumawadziwa ma prawn, tinyama ta m'madzi a mchere, tachibale ndi nkhanu, tija timadula kuposa chambo. Ambiri a ma prawn amene akudyedwa pa dziko lapansi masiku ano ndi owetedwa m'maiwe. Ndipo nkhani ya mbewu yake ili ndi phunziro kwa aliyense wochita geni.

Mtundu umene umawetedwa kwambiri ndi wotchedwa vannamei. Kwawo kwenikweni ndi m'mbali mwa nyanja ya Pacific, kuyambira ku Mexico mpaka ku Peru. Matenda atayamba kusautsa alimi, akatswiri a ku Oceanic Institute ku Hawaii anasankha ma prawn opanda matenda odziwika nawaweta m'malo otetezedwa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, alimi a ku Thailand, China ndi Vietnam anathamangira mbewu yotereyi nasiya mtundu wa kwawo wotchedwa black tiger.

Vuto lili apa. Prawn imodzi yaikazi imatha kuikira mazira oposa 100,000 nthawi imodzi. Choncho makolo owerengeka okha akhoza kudzaza maiwe a chigawo chonse. Ndiye taganizani munthu wofuna phindu lamsanga. Kugula makolo kwa makampani osamala mbewu kumadula. Iye angopita kwa mlimi mnzake, kutola ma prawn okula bwino m'dziwe limodzi, kuwaswetsa ndi kugulitsa ana ake motchipa. Sadziwa, kapena safuna kudziwa, kuti akukwatitsa mlongo ndi mlongo wake.

Kodi choipa n'chiyani? Chamoyo chilichonse chimalandira majini awiriawiri, ena kwa bambo, ena kwa mayi. Jini imodzi ikakhala yofooka, inzake yabwino imaiphimba. Koma makolo akakhala a bere limodzi, pafupifupi kotala la majini a mwanayo limakhala lofanana ndendende mbali zonse ziwiri, poti lachokera kwa gogo mmodzi. Kufooka kumene kunabisala kumaonekera. Ana amakula pang'onopang'ono, ambiri amafera m'njira, ndipo matenda akafika onse amagwa limodzi poti magazi ndi amodzi.

M'chaka cha 2016 katswiri wa ku Canada, Roger Doyle, anachenjeza za zimenezi. Anafotokoza kuti makampani a mbewu nawonso amagulitsa dala makolo osankhidwa mwanjira yoti wina akaswetsa ana awo, adzukulu atuluke ofooka. Ndi loko wotetezera malonda awo. Wokoperayo sataya kanthu. Amene amalira ndi mlimi wamng'ono wogula.

Tisanamizane, chimene chimapha ma prawn ndi tizilombo. Matenda a EMS, amene anayamba ku China mu 2009 nafika ku Thailand mu 2012, amabwera ndi bakiteriya wotchedwa Vibrio parahaemolyticus. M'zaka ziwiri zokha zokolola za Thailand zinatsika ndi pafupifupi theka. Mfundo ya Doyle inali yoti mbewu yofooka, yothithikana m'madzi oipa, imapatsa tizilomboto njira yosavuta. Ngakhale kwa anansi athu matenda a white spot anafika m'maiwe a ku Quelimane mu 2011.

Dziko la Ecuador, limene white spot inaligwetsa mu 1999, linatsata njira ina. Alimi ake anayamba kuswetsa ma prawn amene anapulumuka matenda, ndi kusawathithika m'maiwe. Pofika 2022 linali litagulitsa kunja matani oposa 1 miliyoni pa chaka chimodzi.

Ife kuno tisaseke. Mlimi wobzala chimanga cha haibulidi chotapa m'nkhokwe amadziwa mmene chimamugwiritsira fuwa la moto. Chimodzimodzi woweta makumba amene chaka ndi chaka amangotenga tiana ta nsomba m'dziwe lake lomwelo kapena la mnansi wake.

Tsono inu ogulitsa mbewu, anapiye kapena ana a nsomba, muzifunsa kumene katundu wanu wachokera ndi makolo ake. Inu ophunzira za ulimi, kulemba kaundula wa makolo a ziweto ndi ntchito yosaoneka, koma ndiyo imasunga chuma cha mlimi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alimi a ku Thailand anaziona nyererezo maiwe atayamba kale kununkha.