Kodi Mumadziwa? Ku Spain Maukwati a Kutchalitchi Achepa

M'nthawi ya ulamuliro wa Francisco Franco, Chikatolika chinali chipembedzo cha boma ku Spain, ndipo kuthetsa banja kunali koletsedwa. Mkuluyu atamwalira mu 1975, zinthu zinasintha mofulumira. Malamulo aakulu a dziko a 1978 anati boma lisakhalenso ndi chipembedzo chakechake, ndipo mu 1981 kusudzulana kunaloledwa.

Mu 2009, kwa nthawi yoyamba, maukwati omangidwa kuboma anachuluka kuposa a kutchalitchi. Lero pa maukwati asanu alionse, pafupifupi umodzi wokha ndiwo umadalitsidwa ndi wansembe. Anthu odzitcha Akatolika, omwe m'zaka za m'ma 1970 anali pafupifupi 9 mwa 10 alionse, tsopano angoposa theka pang'ono. Chodabwitsa n'chakuti pa Sabata Yoyera misewu ya mumzinda wa Sevilla imadzazabe ndi chinamtindi cha anthu, ngakhale amene sapita ku Misa Lamulungu.