Sikuludiraiva yolakwika imapha kabureta ya njinga yamoto

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za mbewu ndi feteleza, tikambirane za njinga yamoto. Ambiri mwa ife amene tili ndi njinga zakale monga Honda CG125, Yamaha DT125 kapena AG100 timazidalira potengera mkaka kogulitsa, tomato ku msika ngakhalenso wodwala ku chipatala usiku. Njingazi n'zolimba. AG100 a Yamaha anaitulutsa mu 1973 poganizira alimi a ziweto a ku Australia, pamene CG125 ya mu 1975 a Honda anaipangira maiko a misewu yafumbi kumene amakaniko ali kutali. Koma zonsezi zili ndi malo amodzi ofewa, ndiwo kabureta, kachipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini.

Kabureta imafunika kutsegula ndi kutsuka nthawi ndi nthawi. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa, dzimbiri la m'thanki limatsikira momwemo. Komanso petulo wathu kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ethanol amakoka chinyezi, choncho njinga ikakhala miyezi iwiri kapena itatu osayenda mumapeza madzi ndi utoto wobiriwira pansi pa kabureta. Njinga imavuta kulira, kapena imalira koma mukangosiya mafuta yazima. Kutsuka kwake si ntchito yovuta, mlimi aliyense angathe. Chimene chimavuta ndi kumasula masikuluu popanda kuwaononga, ndipo mwa makabureta amene ndaonapo atatayidwa, ambiri sanafe ndi ukalamba ai. Anaphedwa ndi sikuludiraiva.

Tiyambe ndi masikuluu a sitala, aja a mtanda pamutu, amene amagwira kambale ka pansi kosungira petulo. Ife timangoti sitala ndi sitala basi, koma mitundu yake ilipo itatu yosiyana. Wodziwika kwambiri ndi Phillips, umene unafala ku America m'zaka za m'ma 1930 kudzera mwa mkulu wina dzina lake Henry Phillips. Wachiwiri ndi Pozidriv, wofala ku Britain ndi ku Ulaya makamaka pa masikuluu a matabwa, umene mumauzindikira ndi timizere tinai tating'ono pakati pa mtandawo. Wachitatu ndi wa ku Japan, umene amautcha JIS, ndipo ndi umenewu uli pa njinga zakale za Honda, Yamaha, Suzuki ndi Kawasaki, pamodzi ndi makabureta ake a Keihin ndi Mikuni.

Kusiyana kwake n'kwakung'ono m'maso koma n'kwakukulu m'dzanja. Pa sikuludiraiva ya Phillips, makona a pakati pa mapiko anai aja ndi oviringika. Dzenje la sikuluu ya JIS lili ndi makona akuthwa, ndipo kawirikawiri ndi losaya. Mukalowetsamo Phillips, nsonga imafika pansi mapiko asanagwire bwino m'mbali. Mukapotoza, imakwera n'kutuluka yokha uku ikumeta chitsulo pang'ono. Kachiwiri imameta chochulukirapo. Pofika kachitatu mtanda uja wasanduka dzenje lozungulira longa la mtondo, ndipo palibenso chogwira. Apa m'pamene anthu amayamba kunena kuti masikuluu a ku Japan ndi ofewa ngati sopo. Ine sindivomereza. Sikuluu ndi yabwino, chida ndiye cholakwika.

Sikuluu ya JIS nthawi zambiri imakhala ndi kadontho kamodzi kobooka pamutu, pambali pa mtanda. Pukutani mutuwo muyang'ane. Komabe si onse amene ali ndi kadonthoka, choncho pa njinga yakale ya ku Japan ndi bwino kungoganiza kuti onse ndi a JIS. Ubwino wake ndi wakuti sikuludiraiva ya JIS imagwiranso bwino masikuluu a Phillips, ndiye mukagula imodzi mwagula ya ntchito ziwiri. Ya Pozidriv musaiyandikitse n'komwe pa kabureta.

Kampani ya Vessel ya ku Japan imapanga masikuludiraiva abwino a mtunduwu, koma sindikunena kuti muchite kukwera basi kukaifuna ku Limbe kapena ku Lilongwe. Masikuludiraiva ena a masiku ano, ngakhale alembedwe PH, anapangidwa moti amakhala bwino m'sikuluu ya ku Japan. Amene akadali ndi kathumba ka zida kamene kanabwera ndi njinga ali ndi mwayi, chifukwa sikuludiraiva ya m'menemo, ngakhale imaoneka yonyozeka, inapangidwira masikuluu omwewo. Kwa enafe njira ndi imodzi: pitani ku sitolo ya zitsulo mutatenga sikuluu imodzi yabwino ya pa njinga yanu m'thumba. Ilowetseni pa nsonga n'kuyesa kuigwedeza ndi zala. Ikamagwedera, siyani. Yoyenera imakhala nga, moti mukagoneka sikuludiraiva cham'mbali sikuluu imatsalira pa nsonga osagwa, popanda maginito. Wogulitsa angakuyang'aneni modabwa, musachite naye manyazi, ndalama ndi yanu.

Kukula kwake nakonso n'kofunika. Pali nambala 1, 2 ndi 3. Masikuluu ambiri a kambale ka kabureta amafuna nambala 2, ting'onoting'ono timafuna nambala 1, ndipo akuluakulu a pa injini amafuna nambala 3. Anthu ambiri amalakwa potenga yaing'ono chifukwa ndiyo imalowa msanga. Yambani ndi yaikulu, ikakana kulowa ndiye mutsike.

Tsopano tilowe m'kati, kumene kuli ngozi yeniyeni. Mukachotsa kambale mupeza majeti, timabauti tachikasu tokhala ndi kabowo pakati kopitira petulo. Majeti ndi a buraasi, chitsulo chofewa kwambiri kuposa sikuludiraiva iliyonse. Jeti yaikulu ya pakati pa makabureta ambiri a Mikuni ili ndi mutu wa makona asanu ndi limodzi, ndipo imeneyo imafuna sipanala ya 6 mm, osati pulayala. Koma jeti yaing'ono, ija imadyetsa injini njinga ikamalira itangoima, ili ndi mpata wa fulati pamutu ndipo pa makabureta ambiri imakhala m'kati mwa dzenje lalitali lopapatiza. Pa makabureta a Keihin nambala yolembedwa pa jeti imasonyeza kukula kwa bowo: jeti ya 38 bowo lake ndi 0.38 mm, losafika ngakhale theka la milimita. Kachidutswa ka buraasi kometeka pamutu n'kokwanira kulitseka.

Sikuludiraiva ya fulati ya masiku onse ili ndi nsonga yonga mphero, yopyapyala kumapeto n'kumanenepa pokwera. Ikalowa mu mpata wa jeti imagwira milomo ya pamwamba yokha, ndipo mukapotoza imakankha milomoyo kuti itseguke mpaka mbali imodzi kubenthuka. Jeti ikabenthuka ili m'kati mwa dzenje, kuichotsa kwake ndi kuboola, ndipo kuboola kukaphonya pang'ono mazinga a kabureta apita. Kabureta yeniyeni ya njinga yakale siipezeka wamba. Zongofanizira zilipo m'misika, zina zimayenda bwino, zina majeti ake sagwirizana ndi injini yanu ndipo njinga imamwa petulo ngati ng'ombe ya ludzu. Zonsezi zikuchitika tomato akupsa kudimba.

Chofunika ndi sikuludiraiva ya nsonga yoongoka mbali zonse ziwiri, imene makulidwe ake amadzaza mpata wonse kufika pansi, ndipo m'lifupi mwake ndi wofanana ndi mutu wa jeti. Isapitirire, chifukwa mapewa ake adzakanda makoma a dzenje, isachepenso, chifukwa mphamvu yonse idzagwera pakati pamene pali bowo. Yotereyi m'sitolo njosowa, koma mungathe kuipanga nokha. Tengani fulati yakale ya chitsulo chabwino, muipale ndi tupa kapena pa gilayinda ya anzathu owotcherera zitsulo. Palani mapewa m'mbali kuti ilowe m'dzenje momasuka, kenaka palani nkhope ziwirizo kuti ziongoke, nsonga ikhale yodulidwa bwino osati yakuthwa ngati mpeni. Pa gilayinda muziiviika m'madzi pafupipafupi. Chitsulo chikasanduka chabuluu ndiye kuti chapsa ndipo chafewa. Muziyesa pa jeti yakale mpaka ilowe mothina. Mukatha muisunge payokha, ikhale ya majeti basi. Ana asaitenge kukatsegulira chitini cha penti kapena kukonzera wailesi.

Pali sikuluu ina ya buraasi kunja kwa kabureta, yosinthira kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo. Musanaimasule, ipotozeni molowetsa pang'onopang'ono mukuwerenga kuti yazungulira kangati mpaka itangogunda, ndipo mulembe nambalayo. Pa njinga zambiri imakhala pafupi ndi kamodzi ndi theka, koma ya njinga yanu ndiyo yofunika. Apa gwirani sikuludiraiva ndi zala ziwiri zokha. Kumapeto kwa sikuluuyi n'kosongoka, pa njinga zina ngati singano, ndipo mukathinitsa imapindika kapena kuthyokera m'bowo. Potuluka imabwera ndi kasipuling'i, pena kawashala ndi kamphira kakang'ono. Gwirirani ntchito pa mbale yoyera kapena pa nsalu, osati pa dothi.

Nanga sikuluu ikakana kumasuka? Tsekani petulo pa thanki, chotsani kabureta yonse pa njinga, muikhazike pa thabwa. Kumasulira ili pa njinga kumapangitsa sikuludiraiva kupendekeka, ndipo kupendekeka ndiko kumameta mitu. Chotsani dothi m'mtanda ndi singano kuti nsonga ifike pansi. Donthezani mafuta omasulira dzimbiri kapena parafini, mudikire ngakhale usiku wonse. Kenaka ikani sikuludiraiva chilili, mugogode chigwiriro chake pang'ono ndi kahamala kawiri kapena katatu, ndipo popotoza mphamvu yambiri ipite pokanikiza pansi, yochepa popotoza. Kaphala kaja amakaniko amapalira mavavu, mukapaka pang'ono pa nsonga, kamathandiza kugwira, bola mukapukute bwino kasalowe m'kati.

Ija yomenya ndi hamala, imene amakaniko amati impact driver, ndi yabwino pa masikuluu a injini. Pa kabureta ine sindiikonda. Thupi la kabureta ndi la chitsulo chosungunula cha zinki kapena aluminiyamu, ndipo timakutu togwira kambale timathyoka msanga. Moto nawonso ai: kabureta imasunga fungo la petulo ngakhale ioneke youma, choncho ntchitoyi ichitikire kutali ndi khitchini, ndudu ndi chigafa cha fodya.

Ngati mutu unaonongeka kale ndi mwini njinga woyamba, ugwireni m'mbali ndi pulayala yokhoma, kapena chekani mpata woongoka pamutupo ndi sowo yodulira zitsulo kuti mumasule ndi fulati. Sikuluu yoteroyo musaibwezerepo. Pitani nayo ku sitolo mukagule ya mazinga ndi utali wofanana, ambiri amakhala a 4 mm kapena 5 mm, ndipo mukapeza a Allen key ndi abwino koposa. Koma samalani pomanga, chifukwa Allen key imapatsa dzanja mphamvu yoposa imene mazinga a kabureta angapirire. Mangani mosinthanasinthana, uku pang'ono uko pang'ono, mpaka gasiketi itagwira. Amene muli ndi njinga za ku Britain monga BSA ndi Triumph za kabureta ya Amal, dziwani kuti mazinga ake si a mamilimita, choncho sikuluu ya pa Honda musaikakamize pamenepo ngakhale ioneke ngati yalowa.