Neaira, mkazi amene anadzigula yekha ku Corinth

Cha m'ma 340 Khristu asanabadwe, amuna mazanamazana anadzaza bwalo la milandu mumzinda wa Athens kudzaweruza mayi wina wachikulire, dzina lake Neaira. Mlandu wake unali woti iye, mlendo, ankakhala ngati mkazi wa Stephanos, mbadwa ya mumzindawo. Lamulo linkati mkazi wotere akapezeka wolakwa agulitsidwe ukapolo, mwamunayo alipe madrakima 1,000.

Neaira anali hetaira, mmodzi wa akazi amene ankasangalatsa amuna olemera pa maphwando a vinyo, kumene akazi apabanja sankapondako. Ankaimba, kuvina, kucheza nkhani zakuya, komanso kugona ndi amene wapereka ndalama. Olemba ambiri amathamangira kutama hetaira wina, Phryne, yemwe akuti analemera mpaka kudzipereka kumanganso linga la mzinda wa Thebes limene mfumu Alexander inagumula m'chaka cha 335. Koma moyo wa Neaira ndiwo ukuonetsa kumene ambiri mwa akazi otere ankachokera.

Ali kamtsikana, anagulidwa ndi mayi wina wa ku Corinth, Nikarete, amene ankalera atsikana asanu ndi awiri n'kumawatchula ana ake kuti amuna aziyesa ndi mfulu ndipo azilipira zambiri. Atakula, amuna awiri anasonkherana madrakima 3,000 n'kumugula kuti akhale wawo onse. Imeneyo inali ndalama yoti mmisiri akanaigwirira ntchito zaka zingapo. Nthawi yoti amunawo akwatire itayandikira, anamuuza kuti adziwombole ndi madrakima 2,000 ndipo asadzagwirenso ntchitoyi mu Corinth. Neaira anapempha kwa zibwenzi zake zakale, yotsalayo anaonjezera Phrynion wa ku Athens, amene anamutenga n'kumamuzunza mpaka mayiyu anathawira ku Megara. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Stephanos.

Chopweteka mtima n'chakuti amene ankamuneneza m'bwalomo, Apollodoros, sankalimbana ndi iye kwenikweni. Mdani wake anali Stephanos, amene anamuimbapo milandu m'mbuyomo, ndipo mayiyu anangokhala ndodo yomenyera mwamunayo. Apollodoros anaulula mbiri yonse ya Neaira pagulu, ngakhale za ubwana wake, ngati kuti kamwana kogulidwa kanasankha kokha moyo umenewo.

Pafupifupi zonse zimene timawerenga za Neaira zinachokera pakamwa pa womunenezayo. Malamulo a Athens sankalola mkazi kudziyankhira yekha m'bwalo la milandu.