Makina a sikani achuluka, nanga maso owerenga chithunzi?

Zikwangwani zoitanira anthu ku sikani zamera ngati bowa m'matauni a Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Makina atsika mtengo, ndipo ena ndi ang'onoang'ono olumikiza ku foni. Kuyambira mu 2016, malangizo a zaumoyo a dziko lonse lapansi amati mayi woyembekezera aunikidwe kamodzi mimba isanafike masabata 24, choncho maphunziro ambiri alunjika pa kuyeza mwana. Komatu amayi ambiri amene amafola pa khomo la sikani amabwera ndi zina: zotupa za m'chiberekero, kutaya magazi kosalekeza, kupweteka kwa chinena, kusowa mphatso ya mwana.

Pa chipatala china cha m'boma m'chigawo chapakati, mayi wina analowa m'chipinda cha sikani atawerama, dzanja lili pachinena, mlamu wake atamunyamulira chitenje ndi buku la kuchipatala. Anali atadumpha mwezi, mkodzo unaonetsa kuti ali ndi pakati, ndipo magazi ankadontha pang'onopang'ono. Wounika, bambo wa imvi zapatalipatali, anatseka katani, nathira jelo pamimba n'kuyendetsa kachipangizo modekha. M'chiberekero munaoneka kadontho kakuda, kamene munthu wothamanga akanati ndi mimba yongoyamba kumene.

Iye sanathamange. Anawafotokozera mayiwo, namwino ali pambali, kuti afunika kuunika ndi kachipangizo kena kolowetsa kunjira yoberekera. Atavomera, chithunzi chinayera. Kadontho kaja kanali madzi chabe, kopanda mphete yowala imene imazungulira thumba lenileni la mwana. Pambali pa thumba la mazira la kumanja panali chotupa, ndipo kuseri kwa chiberekero kunali magazi atadikha. Mimba inali itakhala m'njira ya mazira, malo amene mimba zoposa 90 pa 100 zilizonse zokhala kunja kwa chiberekero zimapezeka. Dzuwa lisanapendeke, mayiwo anali ku fiyeta.

Luso lotere amaliphunzira kuti? Apa ndi pamene ogwira ntchitoyi sagwirizana. Ena amaikira kumbuyo maphunziro a masiku ochepa amene amachitikira m'mahotela, kumene munthu amamvera akatswiri, kuona zithunzi pakhoma ndi kutenga mapointi ofunika pokonzanso chiphaso cha ntchito. Iwo amati wounika wa kumudzi amagwira yekhayekha chaka chonse, ndipo misonkhano yotereyi ndiyo mpata wokhawo womva zatsopano. Kumeneko ndi kumene wina amakamva kuti mayi amene anasiya kusamba akayambanso kutaya magazi, chikopa cha m'kati mwa chiberekero chikachindikala kupitirira mamilimita 4 kapena 5, ayenera kutumizidwa kukapimidwa khansa.

Anzawo amapukusa mutu. Amati sikani imasiyana ndi X-ray chifukwa chithunzi chimapangidwa ndi dzanja nthawi yomweyo. Chimene dzanja silinafikepo, dokotala sadzachiona pa pepala. Munthu akhoza kubwerako ndi satifiketi ndi alawansi, koma asanagwirepo kachipangizo kolowetsa ngakhale kamodzi. Iwo amafuna kuti mphunzitsi azibwera ku chipatala komweko, aime pambali pa wophunzira, amuwongole dzanja pa odwala enieni, kenako azilandira zithunzi pa WhatsApp, dzina la wodwala litafufutidwa, n'kumanena pamene palakwika. Amadandaulanso kuti mayina opita ku maphunziro nthawi zina amagwera akuluakulu a mu ofesi, pamene wokhala pa makina tsiku ndi tsiku watsala.

Mbali zonse zimavomereza chinthu chimodzi, kuti lipoti lolakwika limawononga. Chotupa chamadzi chimene chikanatha chokha chimamutengera mayi ku mpeni, pamene chotupa choopsa amachitcha chachabechabe. Palinso amayi amene amaganiza kuti sikani ikayera ndiye kuti alibe khansa ya khomo la chiberekero, chonsecho matendawa amapimidwa mwa njira ina, monga ija ya viniga. Wounika wophunzira bwino amawauza zimenezi asanadzuke pa bedi.

Panja pa chipinda chija, amayi ankapatsirana botolo la madzi kuti chikhodzodzo chidzaze, poti chiberekero chimaoneka bwino chikhodzodzo chikadzaza. Ambiri anachoka kwawo tambala woyamba, ndipo kubweranso kawiri ndi ndalama ya minibasi imene alibe. Kwa mayi wotere, sikani yoyamba iyenera kukhala yolondola.