Chifukwa Chake Galimoto Wakale Amakana Kulira Akatentha

Ambiri a ife tinaonapo galimoto wakale amene wayenda bwino ulendo wautali, koma ataima pang'ono pa sitolo, wakana kuliranso. Anthu amangoti batire yatha, nayamba kukankha. Koma kawirikawiri mlandu uli pa petulo amene wawira.

Agalimoto ambiri opangidwa isanafike 1990, monga Morris Minor ndi Peugeot 404, ali ndi kachipangizo kotchedwa kabuleta. Ntchito yake ndiyo kusakaniza petulo ndi mpweya, pafupifupi magawo 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera kwake. Muyeso umenewu ukasokonezeka kwambiri, injini singalire.

Tonse tidziwa kuti madzi amawira pa madigiri 100. Petulo sali chomwecho, pakuti mbali zina za iye zimayamba kuwira asanafike ndi pa madigiri 50 pomwe. Galimoto ali kuyenda, fani ndi mphepo zimaziziritsa injini, ndipo petulo wozizira amabwerabe kuchokera m'thanki. Koma woyendetsa akazimitsa, zonsezi zimaleka, ndipo kutentha kwa zitsulo kumakwera kunka ku kabuleta. Mu Morris Minor kabuleta inakhala pamwamba penipeni pa mipope ya utsi, monga mphika pa mafuwa.

Tsono pamabuka mavuto awiri. Loyamba, petulo wa m'kabuleta amawira nasefukira m'njira yolowera m'injini; pamenepo petulo wachuluka ndipo mpweya waperewera. Lachiwiri, petulo amasanduka nthunzi m'paipi kapena m'pampu. Pampuyo inapangidwa kuti izikoka zamadzimadzi, nthunzi imaikanika. Chotero petulo safika konse.

Nanga woyendetsa achitenji? Akamva fungo lamphamvu la petulo, adziwe kuti ndi vuto loyamba lija. Asakoke choke, ndiponso asapondeponde chopondera mafuta, chifukwa m'makabuleta ambiri kuponda kulikonse kumathiranso petulo wina. Achiponde kamodzi mpaka pansi, achigwire pomwepo, ndi kuliza injini kuti mpweya wambiri ulowe. Ngati injini ilira pang'ono nizimanso, kapena ngati fungo palibe, mwina ndi nthunzi. Atsegule boneti, adikire kanthawi, kapena aike nsalu yonyowa pa pampu. Asayese kuthira petulo m'kamwa mwa kabuleta injini ili yotentha, pakuti moto ungabuke ndi kumtentha nkhope ndi manja.

Amakaniko amachepetsa vutoli poika chotchinga kutentha pansi pa kabuleta, pochotsa paipi ya petulo pafupi ndi mipope ya utsi, kapena pomanga pampu yamagetsi pafupi ndi thanki. Agalimoto a masiku ano savutika chotere kawirikawiri, chifukwa pampu yao imakankha petulo mwamphamvu, ndipo petulo wopanikizidwa sawira msanga.

Chotero anzanga, mukapeza galimoto wakale wakana kulira masana a mwezi wa Okutobala, musafulumire kukankha. Yambani mwanunkhiza, kenaka muuze mwini wake choyenera kuchita.