Kodi n'kofunika kuwerenga magalamu a chakudya kuti tichepetse thupi?

Masiku ano anthu ambiri, makamaka a m'tauni, akufuna kuchepetsa thupi kapena kulimbitsa minofu. Ena amathamanga m'mamawa, ena amanyamula zitsulo madzulo akaweruka kuntchito. Pakati pa anthu amenewa pafala chizolowezi choyeza chakudya chilichonse pasikelo ndi kulemba pafoni magalamu a zomwe adya. Achinyamata amangoti akuwerenga "ma macro". Amene amachita zimenezi amati popanda kuwerenga, thukuta lonse limapita pachabe. Ena amati kuteroko n'kudzivutitsa. Tiyeni tione zomwe akatswiri apeza, kuti aliyense asankhe mwanzeru.

Kodi chomwe chimawerengedwacho n'chiyani?

M'chakudya chathu muli zinthu zitatu zomwe thupi limafuna zochuluka tsiku lililonse. Choyamba ndi makabohaidireti, omwe ndi sitachi ndi shuga. Awa timawapeza mu nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, buledi ndi zipatso. Chachiwiri ndi mapuloteni, omwe amamanga ndi kukonza thupi. Awa ali mu nyemba, nandolo, khobwe, soya, mtedza, mazira, usipa, nyama ndi mkaka. Chachitatu ndi mafuta, monga mafuta ophikira, majarini, mapeyala ndi mafuta a nyama.

Mphamvu zomwe chakudya chimapatsa thupi zimayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya makabohaidireti imapereka makalori 4. Galamu imodzi ya mapuloteni imaperekanso makalori 4, koma ya mafuta imapereka 9. Mowa nawonso uli ndi mphamvu, ndipo galamu imodzi ya ukali wa mowa imapereka makalori 7. Mawerengedwe amenewa adachokera pa ntchito ya katswiri wina wa ku America dzina lake Wilbur Atwater, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ndi omwe amagwiritsidwabe ntchito pa mapaketi a zakudya.

Thupi likamalandira mphamvu zoposa zomwe likugwiritsa ntchito, zotsalazo limasunga ngati mafuta. Likamalandira zochepa, limayamba kutapa m'nkhokwe ija, ndipo munthu amatsika pasikelo. Apa palibe mkangano. Mkangano uli pa funso lakuti, kodi munthu amachepa msanga akasiya nsima n'kumadya za mafuta ndi nyama, kapena akasiya mafuta n'kumadya nsima yake?

Zomwe kafukufuku adapeza

Mu 2009, akatswiri a ku America motsogozedwa ndi Frank Sacks wa pa sukulu ya ukachenjede ya Harvard adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 811 onenepa. Anthuwa adagawidwa m'magulu anayi. Magulu onse adauzidwa kuchepetsa chakudya, koma kuchuluka kwa mafuta, mapuloteni ndi makabohaidireti kunali kosiyana m'gulu lililonse. Patatha miyezi 6, anthu a m'magulu onse adatsika ndi makilogalamu pafupifupi 6. Patatha zaka ziwiri, omwe adafika kumapeto adali atatsika ndi makilogalamu pafupifupi 4. Panalibe gulu lomwe lidaposa linzake kwenikweni. Chomwe chidaoneka n'chakuti anthu omwe ankapita kumisonkhano ya uphungu mosadumphadumpha ndiwo adatsika kwambiri.

Mu 2018, gulu la Christopher Gardner la pa sukulu ya ukachenjede ya Stanford lidatulutsanso zotsatira za kafukufuku wa anthu 609 omwe adawatsatira kwa chaka chathunthu. Theka la anthuwa lidachepetsa mafuta, theka lina lidachepetsa makabohaidireti. Palibe yemwe adapatsidwa mlingo wa makalori woti azitsatira. Onse adangolangizidwa kudya masamba ambiri, kuchepetsa shuga ndi ufa woyengedwa, komanso kuphika okha pakhomo. Ochepetsa mafuta adatsika ndi makilogalamu 5.3, pamene ochepetsa makabohaidireti adatsika ndi makilogalamu 6.0. Akatswiriwo adati kusiyana kumeneku kunali kochepa kwambiri, kosati n'kunena kuti njira ina ikuposa inzake.

Kafukufuku wachitatu ndi wa Kevin Hall, yemwe panthawiyo anali wa ku bungwe la boma la America lofufuza za umoyo la NIH, ndipo adatuluka mu 2019. Anthu 20 adagonekedwa pachipatala chofufuzira kwa milungu inayi. Kwa milungu iwiri ankapatsidwa zakudya zokonzedwa kale kufakitale, ndipo kwa milungu ina iwiri ankapatsidwa zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe. Chakudya chomwe ankaikidwira patebulo chinali ndi makalori, mafuta, shuga ndi makabohaidireti ofanana mbali zonse ziwiri, ndipo aliyense ankadya mpaka kukhuta. Pa nthawi ya zakudya za kufakitale, anthuwa ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku, ndipo adakwera ndi kilogalamu pafupifupi imodzi. Pa nthawi ya zakudya zachilengedwe adatsika ndi kilogalamu pafupifupi imodzi.

Tikaphatikiza zonsezi tikuona kuti chomwe chimachepetsa thupi ndi kuchuluka kwa chakudya chonse, mtundu wa chakudyacho, ndiponso kupirira kwa munthu. Kagawidwe ka magalamu pakati pa nsima, nyama ndi mafuta kamabwera pambuyo.

Kuwerenga kuli ndi mavuto ake

Munthu akamalemba zomwe wadya amaona ngati akudziwa zonse, koma nthawi zambiri manambala amanama. Kafukufuku wina yemwe adachitika mu mzinda wa New York ndipo adatuluka mu 1992 adayeza anthu omwe ankadandaula kuti amadya pang'ono koma osachepa. Zidapezeka kuti anthuwa ankatchula chakudya chochepa ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi chomwe ankadyadi. Chiponde cha pa buledi, shuga wa mu tiyi, kapena kulawa ndiwo pophika, n'zinthu zosavuta kuziiwala.

Kwathu kuno vutoli ndi lalikulu. M'mabanja ambiri timadyera m'mbale imodzi, ndipo palibe amene angayeze mbamu iliyonse. Mtanda wa nsima wa pakhomo pano si wofanana ndi wa pakhomo lina. Ndiwo zotendera zimasiyana malinga ndi dzanja la wothira nsinjiro. Mandasi, zitumbuwa, tchipisi ndi kanyenya wa pamsika sizikhala ndi pepala lofotokoza zomwe zili m'kati. Mapulogalamu ambiri a pafoni adapangidwira zakudya za mayiko ena, ndipo kupezamo futali, chigumu kapena thobwa n'kovuta.

Palinso vuto la m'maganizo. Anthu ena akayamba kuwerenga amayamba kuopa chakudya. Amadziimba mlandu akadya nthochi imodzi yowonjezera, amakana kudya kuukwati kapena kwa achibale, ena mpaka amadzimana chakudya tsiku lonse. Ngati kuwerenga kwafika pamenepa, ndi bwino kusiya ndi kukaonana ndi a zaumoyo.

Pomwe kuwerenga kumathandiza

Sitikunena kuti manambala alibe ntchito. Kuwerenga kwa mlungu umodzi kapena iwiri kumatsegula maso. Munthu amadziwa kuti supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, choncho masupuni anayi othiridwa mu mphika wa ndiwo ndi makalori pafupifupi 500. Amadziwanso kuti botolo limodzi la zakumwa zozizilitsa kukhosi lingathe kukhala ndi shuga wopitirira magalamu 30. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asafike pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu za patsiku. Kwa munthu wamkulu, awa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni a tiyi 12. Munthu akadziwa zimenezi, sikelo ija angathe kuiika pambali.

Kwa omwe amanyamula zitsulo, nambala yomwe ili ndi phindu ndi ya mapuloteni. Munthu wamkulu amafunika magalamu pafupifupi 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wolemera makilogalamu 70 amafunika magalamu 56. Mu 2018, akatswiri adaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana 49 ndipo adapeza kuti onyamula zitsulo amapindula akamawonjezera mapuloteni mpaka magalamu pafupifupi 1.6 pa kilogalamu. Kupitirira pamenepo minofu siwonjezekanso kwenikweni. Kwa munthu wathu uja, awa ndi magalamu 112. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Nyemba zophika zokwana magalamu 100 zili ndi magalamu 8 kapena 9. Mtedza wouma wa mlingo womwewo uli ndi magalamu pafupifupi 25, ngakhale kuti theka la mtedzawo ndi mafuta. Usipa wouma ndi nyama ya soya zilinso ndi mapuloteni ambiri. Choncho n'zotheka kumanga minofu popanda kugula ufa wa m'zitini wokwera mtengo. Mapuloteni amathandizanso munthu wochepetsa thupi, chifukwa amakhalitsa m'mimba ndipo amateteza minofu kuti isasungunuke pamodzi ndi mafuta.

Pali anthu ena omwe ayeneradi kusamala ndi manambala. Odwala matenda a shuga, makamaka omwe amadzibaya jakisoni wa insulin, ayenera kudziwa kuchuluka kwa makabohaidireti pa chakudya chilichonse. Omwe ali ndi vuto la impso sayenera kuwonjezera mapuloteni mwa okha. Anthu otere atsatire zomwe auzidwa kuchipatala.

Nanga omwe akumwa ma ARV?

Kwa zaka zambiri uthenga wopita kwa anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV unali woti adye kwambiri kuti asaonde. Uthengawu unali ndi chifukwa chake. Mu 2003, akatswiri a WHO adati munthu wamkulu yemwe ali ndi kachilomboka koma sakudwala amafunika mphamvu zowonjezera ndi magawo 10 pa 100 aliwonse, ndipo yemwe wayamba kudwala amafunika zowonjezera ndi magawo 20 mpaka 30. Akatswiriwo sadapeze umboni woti kachilomboka pakokha kamafuna kuti munthu achulukitse mapuloteni.

Lero zinthu zasintha. Mu 2019, WHO idalimbikitsa kuti mayiko azipereka mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo dziko la Malawi lidayamba kusinthira anthu ku mankhwalawa chaka chomwecho. Ndi mankhwala amphamvu omwe amagonjetsa kachilombo msanga. Koma kafukufuku wa ADVANCE, yemwe adachitika ku Johannesburg ndi anthu oposa 1,000, adaonetsa kuti omwe ankamwa dolutegravir ankanenepa kuposa omwe ankamwa efavirenz, ndipo amayi ndiwo ankanenepa kwambiri. Kunenepa mopitirira kumabweretsa matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima.

Tikudziwa kuti ambiri amaopa kuchepetsa thupi chifukwa cha miseche. Munthu akangoonda pang'ono, anthu amayamba kulozana zala. Mantha amenewa asatilepheretse kusamala moyo wathu, chifukwa thupi lalikulu si umboni wa thanzi. Chofunika kwambiri n'chakuti musasiye kapena kudumpha mankhwala chifukwa mwanenepa. Fotokozerani a dokotala, ndipo pemphani kuti akuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ngati mukutsika pasikelo musanafune, kapena muli ndi chifuwa chosatha, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, pitani kuchipatala msanga chifukwa mwina ndi chifuwa chachikulu cha TB. Amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa, ana ndi onse omwe akudwala sayenera kudzimana chakudya.

Kunenepa si vuto la omwe ali ndi kachilombo okha. Kafukufuku wa zaumoyo yemwe ofesi ya boma yoona za kalembera idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali onenepa mopitirira, ndipo chiwerengerochi chinali chokwera kwambiri m'matauni.

Tingachite chiyani popanda sikelo?

Choyamba tidziwe ngati tikufunikadi kuchepetsa thupi. Tengani chingwe, chiyezeni kuchokera kuphazi mpaka pamutu, kenaka chipindeni pakati. Ngati chingwe chopindacho chikulephera kuzungulira pamimba panu, ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka.

Chachiwiri, tiyang'ane mbale yathu. Theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso kapena mpiru. Gawo lotsalalo tiligawe pawiri, mbali ina nsima kapena mbatata, mbali ina nyemba, nsomba, mazira kapena nyama. Ngati tinazolowera mitanda itatu, tiyese iwiri n'kuwonjezera ndiwo. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa uli ndi gaga yemwe amathandiza m'mimba. Mafuta tizithira ndi supuni, osati kupungula kuchokera m'botolo. Tichepetse shuga mu tiyi, zakumwa zotsekemera ndi mowa. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni ya tiyi imodzi. Tsiku lililonse tiyesetse kudya kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi omwe a zaumoyo amatiphunzitsa: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta.

Chachitatu, tigwiritse ntchito thupi. Malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, ndipo masiku awiri pa mlungu azichita zolimbitsa minofu. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kulima, kuvina ndi kusewera mpira zonsezi zimawerengedwa. Mphindi 30 kwa masiku asanu zikukwanira poyambira.

Pomaliza, tisayende tokha. Taona kuti pa kafukufuku wa 2009, omwe ankasonkhana ndi anzawo ndiwo adapindula kwambiri. Mutu umodzi susenza denga. Magulu athu olimbikitsana angathe kukonza tsiku loyenda limodzi, kulima dimba la masamba, kapena kuyezana pamimba kamodzi pa mwezi. Kutsika ndi theka la kilogalamu pa mlungu n'kokwanira, ndipo ngakhale kutsika ndi makilogalamu 5 pa 100 aliwonse a thupi kumathandiza kutsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amene amasangalala ndi kuwerenga magalamu awerenge, amene sakufuna asadandaule. Posankha kadyedwe, tisankhe komwe banja lathu lingakwanitse ndiponso komwe tingakhale tikutsatirabe chaka chamawa.