Ndalama ya mkombaphala imadutsa njira yanji?

Pa sukulu zambiri za mkombaphala m'midzi mwathu, ufa wa phala amasonkha ndi makolo, nkhuni amatola ndi amayi a m'komiti, ndipo mlezi amene akuimbitsa ana pansi pa mtengo wa mango amangodzipereka, mwezi n'kutha osagwira khobidi. Kuti boma liikepo dzanja kapena ayi, zimagamulidwa m'bajeti, ndipo zambiri zimakhala zitatha kale nduna isanaimirire kuiwerenga m'Nyumba ya Malamulo.

Kuyambira 2022, chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julayi. Kukatsala miyezi ingapo, Unduna wa Zachuma umaona misonkho imene MRA ingatolere, ngongole ndi thandizo lakunja, kenaka umauza unduna uliwonse malire a ndalama zimene ungapemphe. Ntchito ya mmera mpoyamba, imene mkombaphala ndi mbali yake, ili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, kumene ikugawana mphika umodzi ndi okalamba, aulumali ndi ana amasiye. Mphikawo ndi waung'ono, ndipo mwana wa zaka zinayi sangapite ku Capital Hill kukadzilankhulira.

Apa m'pamene mawu a nzika amalemera. Nduna ya zachuma imachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Amalonda safuna kuphonya, amabwera ndi mapepala a misonkho m'manja. Olankhulira alezi amachepa, ndipo zimenezi zimandiwawa. Kumudzi khomo loperekera maganizo ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC: chigafa cha ana chikalembedwa m'mapulani a chitukuko cha mudzi, chimakwera mpaka ku khonsolo. Chikapanda kulembedwa, palibe amene adzachiikire ndalama.

Bajeti ikawerengedwa, kawirikawiri mu Febuluwale, aphungu amagawikana m'makomiti kuti aiunike, kenaka amavomereza ndalama za unduna uliwonse paokhapaokha. Malamulo salola phungu kuwonjezera ndalama payekha popanda nduna ya zachuma kuvomera, komabe komiti ikaumirira, nduna imatha kusintha manambala.

Tsono ndalama yovomerezedwa si ndalama yofika. Nthambi ya Treasury imatulutsa ndalama pang'onopang'ono malinga ndi zimene zalowa m'thumba la boma, ndipo zikavuta, malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi kubweza ngongole ndizo zimatsogola. Maphunziro a alezi, miphika ndi zoseweretsa ana zimadikira. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya ntchitoyi yakhala ikudalira mabungwe monga UNICEF ndi World Bank.

Pakati pa chaka aphungu amakumananso kuti aunike mmene bajeti ikuyendera. Nthawi imeneyo komiti ya mkombaphala itenge kope lake ipite ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ku khonsolo, ikafunse kuti za mmera mpoyamba anavomereza zingati, zafika zingati, ndipo alezi angati a m'dera lawo ali pa mndandanda wokaphunzitsidwa.